MAU A KATEKISTI: Za Kulawa Vinyo pa Cikondwerero



Masika apita. Cimanga calowa m'nkhokwe, soya ndi mtedza zagulitsidwa, ndipo amene adalima fodya abwerako ku msika. Ino ndiyo nyengo ya maukwati, ya zionetsero za alimi ndi ya zikondwerero za pa parishi. Pa misonkhano yotere payamba kuoneka mwambo wacilendo wocokera m'mizinda, umene makolo athu sadaudziwe. Munthu ayala nsalu pa tebulo, nandandalika mabotolo a vinyo, wina wofiira wina woyera, naika pambali timakapu tating'ono, nati kwa odutsa: Bwerani mudzangolawa, kulawa n'kwaulere. Akristu angapo atifunsa ife akatekisti pakutha pa mapemphero: Kodi Mkristu angathe kulawa vinyo ameneyu osacimwa? Kodi ndi yemwe uja wa pa Misa? Nanga ana athu? Safunsa adadya phula; cifukwa cace tiyankha mafunsowa mwa dongosolo lace.

Vinyo n'ciani?

Vinyo weniweni ndi madzi a mphesa. Mphesa zikapsa azithyola, nazifinya, nasunga madzi ace m'mbiya zazikulu za mtengo kapena za citsulo. M'madzimo muli shuga wambiri, ndipo pa khungu la cipatso pakhala tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, timene lero tichedwa yisiti. Tinthuti tidya shuga, nitimsandutsa ukali woledzeretsa pamodzi ndi mpweya umene utuluka m'thobvu. Anthu adafulula zaka zikwi zambiri osadziwa cimene cicitika m'kati mwa mbiya, kufikira katswiri wa ku France, Louis Pasteur, adayamba kucionetsa poyera m'caka ca 1857. Amai athu sangadabwe nazo izi, pakuti m'mtsuko mwao mucitika zomwezo. Cimera citsekemeretsa phala, ndilo thobwa limene tipatsa ana ndi alendo. Likagona masiku, kutsekemera kucepa, ukali nukwera, ndiwo masese.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene aliyense ayenera kukusunga m'mutu. Pa magawo 100 a masese, magawo 3 kapena 4 okha ndiwo ukali. Mowa wa m'mabotolo uli nao monga 5. Vinyo ali nao 12 kapena kuposerapo. Kacasu aposa zonsezi kutali, ndipo ukali wace palibe amene amauyesa. Tsono cikho cimodzi ca vinyo cilingana ndi zikho zitatu za masese. Masese amacenjeza okha, pakuti ali owawasa ndi okhutitsa, ndipo mimba ikadzala munthu aleka. Vinyo wa zipatso sacenjeza ai: atsika pa mmero monga madzi a malalanje, ndipo munthu adziwa mphamvu yace pamene afuna kuimirira.

Kumene acokera

Mphesa zikonda dziko la dzuwa louma pa nthawi yakupsa, ndipo kwathu kuno mvula igwa pa miyezi yomweyo imene zipatso zifuna kukhwima. N'cifukwa cace minda ya mphesa siicuruka m'Malawi. Vinyo wa mphesa amene tiona m'masitolo acokera makamaka ku South Africa. Kumeneko Jan van Riebeeck adalemba kuti pa 2 Febuluwale 1659 adafinya vinyo woyamba wa mphesa za ku Cape, ndipo kufikira lero midzi ya Stellenbosch ndi Paarl iri yochuka ndi nchito imeneyi. Ana athu amene adapita ku Cape Town kukafuna nchito aidziwa minda imeneyo. Ku Tanzania, m'dera la Dodoma, mphesa zidabwera ndi amishoni, ndipo tsopano alimi wamba azilima nagulitsa.

Vinyo wopangidwa kuno kwathu ali wa zipatso zina. Ku Lilongwe kuli vinyo wochedwa Linga, amene banja lina lidayamba kufulula mu 1978, wa jambula, magwafa, mapicesi, cidede ndi zina. Ku Karonga amai ena afulula vinyo wa nthoci zimene kale zidali kuolera m'munda posowa wogula. Nchito yotere ife sitiinyoza. Tonse tiona m'mene mango aolera pansi mwezi wa Disembala, ndi m'mene masuku a m'nkhalango ya Ntchisi atayikira akacuruka. Kusunga cipatso kuti cisapite pacabe, ndi kupezerapo ndalama ya sopo ndi ya sukulu, ndi nzeru imene Mulungu adapatsa munthu. Koma nzeru yomweyo ifuna nzeru inzace, ndiyo ya kudziwa muyeso.

Kodi ndi yemwe uja wa pa Misa?

Iai. Malamulo a Eklezia, m'buku lace la 1983 pa nambala 924, alamula kuti vinyo wa pa Misa akhale wa mphesa zokha, wosasakaniza ndi wosaonongeka, ndipo wansembe athiramo timadzi pang'ono. Vinyo wa nthoci, wa cidede kapena wa jambula, ngakhale akome bwanji, sangafike pa altare. Cifukwa cace si kupeputsa zipatso za kwathu, koma n'cakuti Ambuye Yezu pa Mgonero wotsiriza adatenga cikho ca vinyo wa mphesa, ndipo Eklezia alibe mphamvu yosintha cimene Mwini wace adacita. Kuyambira pamene Abambo Oyera adamanga Mua mu 1902, vinyo wa pa Misa wakhala cinthu cogula ndi cosamala kwambiri, ndipo za mtulo zimene mupereka tsiku la Mulungu zithandiza kumgula.

Cenjerani tsono ndi wamalonda amene ati: Uyu ndi vinyo wa ku chalici, saledzeretsa. Mau amenewo ali onama pawiri. Vinyo wa m'botolo, ngakhale wogulira Misa, ali vinyo wamba ndipo aledzeretsa monga wina aliyense. Cimene ciri m'cikho wansembe atanena mau opatulitsa sicirinso vinyo, koma Magazi a Ambuye, ndipo sicigulitsidwa pa tebulo liri lonse la pansi pano. Dzina la zinthu zoyera lisakhale nyambo ya malonda.

Wolawa wa ku Kana

Eklezia sanena kuti vinyo ndi coipa. Yoane Woyera, m'mutu waciwiri wa Mthenga wace, asimba za ukwati wa ku Kana wa m'Galileya, kumene vinyo adatha phwando liri m'kati. Amai Maria ndiwo adaona manyazi amene adali kudza pa banja latsopanolo, nauza Mwana wao. Padali mitsuko yamwala isanu ndi umodzi, uliwonse wolowa monga malita 100, ndiye kuti ndowa zisanu za malita 20. Ambuye adalamula kuidzaza ndi madzi, ndipo madziwo adasanduka vinyo. Ici cidali cizindikiro cao coyamba, ndipo adacicita pa ukwati wa pa mudzi, kuti eni ace asacite manyazi pamaso pa alendo.

M'nkhani imeneyi muli munthu mmodzi amene timamuiwala kawirikawiri, ndiye mkulu wa phwando. Vinyo watsopano adapita naye coyamba kwa iye kuti alawe. Atalawa adazindikira pomwepo kuti ameneyu aposa woyamba uja, nadabwa, pakuti mwambo wa anthu udali wakuti vinyo wabwino atuluke poyamba, ndipo wacabe atuluke alendo atamwa kale, malilime ao atafa. Taganizani bwino pamenepa. Phwando lidapita patali kotero kuti vinyo adatha, koma munthu ameneyu lilime lace lidali lamoyobe. Cikhala adaledzera, sakadasiyanitsa cozizwitsa ca Ambuye ndi madzi a pa dambo. Wolawa woona ndiye munthu wosaledzera. Kuledzera kupha coyamba lilime, pambuyo pace nzeru, potsiriza manyazi. Malembo omwewo asimbanso za Nowa, amene adaoka munda wamphesa, namwa mopitiriza, nagona wosabvala m'hema mwace, ndipo tsokalo lidagwera mbumba yace. Cipatso n'cimodzi, cidasiyana ndi muyeso.

M'mene odziwa alawira

M'maiko a Akristu a ku Ulaya kulawa vinyo kuli ndi masiku ace. Pa 11 Novembala, tsiku la Martino Woyera wa ku Tours, m'madera ambiri alawa vinyo watsopano wa caka cimeneco. Pa 27 Disembala, tsiku la Yoane Woyera, m'maparishi ena mabanja abwera ndi vinyo kuti wansembe amdalitse. Ndipo amene adziwa nchito yolawa ali ndi njira yao, imene ingatiphunzitse kanthu.

Athira pang'ono pokha, pa thako la kapu. Ayamba kuyang'ana mooneka kuwala, kuti aone ngati vinyo ali woyera bwino kapena wabvunduka. Pambuyo pace azunguza kapu pang'ono nanunkhiza, pakuti kukoma kwambiri kwa cinthu kumveka ndi mphuno. N'cifukwa cace munthu wa cimfine ndiwo sizimkomera. Vinyo wabwino anunkhira cipatso cace. Wonunkha ngati viniga kapena ngati nsanza yonyowa waonongeka, ndipo palibe cifukwa comuikira m'kamwa. Tsono apsontha pang'ono, nasunga pa lilime, namva ngati atsekemera, awawasa kapena aumitsa m'kamwa monga nthoci yosapsa. Cimene cidzakudabwitsani n'cakuti akatswiri enieni sameza ai: alabvulira m'mbale yoikidwira zimenezo, nacukuca m'kamwa ndi madzi, nadya kabuledi asanalawe wina. Ayamba ndi wopepuka, natsiriza ndi wotsekemera kwambiri. Motero munthu alawa mitundu yambiri nabwerera kwao ndi miyendo yace yomwe.

Makolo athu adali nalo dongosolo lao. Pa mowa wa dima, khasu lidali kutsogola, cipanda cidali kutsata. Mwini mowa adali kuyamba kulawa pamaso pa onse, kuonetsa kuti mulibe coipa m'mtsuko. Cikho cidali kuyenda kuyambira kwa akulu, ndipo ana sadali kukhala pa bwalo lotere. Mowa udali ndi mwini wace, nthawi yace ndi mathero ace: mtsuko ukatha, anthu adali kumwazikana. Tebulo la wamalonda liribe mathero otere. Botolo likatha atsekula lina, ndipo mathero ayenera kucokera m'mtima mwa wolawa yekha.

Tiwerenge pamodzi. Kakapu kolawira kalowa monga mamililita 50. Munthu akayenda pa matebulo nalawa kakhumi, nameza konse, wamwa mamililita 500, ndiye magawo awiri a magawo atatu a botolo lathunthu la mamililita 750. Iye adzati mtima uli mbee: Sindidamwe, ndangolawa. Koma magazi ace sadziwa kusiyanitsa kulawa ndi kumwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo munthu yemweyo madzulo akwera njinga yamoto, mwina atanyamula mkazi ndi mwana, pa njira zotsetsereka za m'mapiri athu kapena pa mseu waukulu wa Kasungu ndi Nkhotakota.

Mtsikana wa ku Tagaste

Amai onse acikristu amdziwa Monika Woyera, mai wa Augustino Woyera, amene tikumbukira pa 27 Ogasiti. Adali mkazi wa kuno ku Afrika, wa mudzi wa Tagaste, m'dziko limene lero lichedwa Algeria. Mwana wace yemwe ndiye adalemba nkhani iyi. Monika akali mtsikana, makolo ace adali kumtuma kukatunga vinyo m'mbiya ya banja, pomkhulupirira kuti ali mwana wodziletsa. Asanathire m'botolo adali kungokhudza ndi milomo, osati cifukwa ca kumkonda vinyo, pakuti poyamba sadali kumkomera, koma cifukwa ca cibwana. Tsiku ndi tsiku adaonjeza pang'ono, kufikira adayamba kumwa zikho zodzala. Makolo sadadziwe kanthu. Amene adamcititsa manyazi adali mdzakazi wa pa nyumba, amene tsiku lina atayambana naye adamchula cidakwa. Mau amenewo adamlasa, nazindikira pamene wafika, naleka.

Woyera wamkulu ameneyu adayamba ndi kulawa. Mulungu adamlanditsa ndi pakamwa pa mdani. Koma si ana onse amene adzapeza wowalasa nthawi isanathe. Inu atate ndi amai, ndani atumidwa kukagula mowa pa nyumba panu? Ndani atsuka makapu pa ukwati, mmene mwatsalira timadontho totsekemera? Mu 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti, pakuona m'mene udaonongera acinyamata ndi ana a sukulu, popeza udali wochipa ndi wobisika m'thumba. Lamulo la dziko liletsanso kugulitsa mowa kwa mwana wosafika zaka 18. Koma lamulo sililowa m'khichini mwanu. Mlonda wa m'menemo ndinu. Cakomacakoma pusi adagwa cagada.

Malangizo athu

Tsono kwa amene atifunsa tiyankha motere. Mkristu wamkulu, wa thupi lamoyo, sacimwa akalawa vinyo pa cikondwerero, nathokoza Mulungu cifukwa ca zipatso za dziko. Chimo liri m'kuledzera, m'kuononga cuma ca banja ndi m'kukhumudwitsa ofooka. Kuti mukhale kutali ndi zimenezi, sungani izi.

Coyamba: idyani nsima musanapite. Vinyo wolowa m'mimba yopanda kanthu athamangira ku mutu.

Caciwiri: pangani muyeso mukali pa nyumba, pamaso pa mkazi kapena mwamuna wanu. Mitundu itatu ikwanira kudziwa cimene ciri pa tebulo. Muyeso wopangira pa tebulo pomwepo sugwira.

Cacitatu: funsani wamalonda kuti vinyo ali wa cipatso canji, adapangidwa kuti, ndi ukali wace uli wotani. Botolo lopanda cilembo, la mwini wosadziwika, lisiyeni; pali ena athira kacasu m'madzi a zipatso naucha vinyo.

Cacinai: ndalama ya feteleza, ya sukulu ndi ya cipatala isatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Kulawa n'kwaulere cifukwa wamalonda adziwa kuti dzanja la munthu wolawa lifewa. Mvula ya Novembala siidzafunsa ngati cikondwerero cidakoma.

Cacisanu: woyendetsa njinga yamoto kapena galimoto asalawe konse kufikira nchito yace itatha.

Cacisanu ndi cimodzi: ana asalawe, ngakhale dontho. Mai woyembekezera asalawe, pakuti cimene amwa cifika kwa mwana wa m'mimba, ndipo cingathe kumuononga ubongo moyo wace wonse. Wodwala amene ali pa mankhwala ayambe wafunsa ku cipatala.

Cacisanu ndi ciwiri: musakakamize munthu. Mlendo akati zikomo, sindimwa, mau atha pomwepo, ndipo thobwa likhale pafupi. Pa phwando la Mkristu wosamwa asasowe cakumwa, kapena malo aulemu.

Kwa amene adaleka

Pali ena pakati pathu amene kwa iwo kakapu kamodzi ndiko khomo la ukapolo wao wakale. Kwa inu abale, muyeso wanu ndi kusalawa konse, ndipo musacite nako manyazi. Kumbukirani Matt Talbot, mnyamata wa nchito wa ku Dublin, wobadwa mu 1856, amene adayamba kumwa akali mwana, namwera malipiro ace onse, kufikira kupinyolitsa nsapato zace. Mu 1884 adalumbira kuleka, nasunga lumbiro lace ndi Misa ya m'mawa uliwonse ndi mapemphero zaka 41, kufikira imfa yace mu 1925. Mu 1975 Papa Paulo VI adamucha Wolemekezeka. Munthu wotere akadutsa tebulo la vinyo osaima, wacita nchito yaikulu koposa ya katswiri wolawa.

Benedikto Woyera, polemba malamulo a amonaki ace, adalola muyeso wocepa wa vinyo pa tsiku cifukwa ca ofooka, koma adatamanda amene Mulungu awapatsa mphamvu yakusamwa konse. Ifenso tigwire mbali zonse ziwiri. Wolawa asaseke wosamwa, ndipo wosamwa asadziyese woyera koposa mnzace. Tikhala pakati pa abale athu a mpingo wa Nkhoma, umene udayamba pa Mvera m'boma la Dowa mu 1889, ndipo ambiri a iwo samwa konse; takwatirana nao, ndipo pa maukwati ndi pa maliro tikhala mphasa imodzi. Iwo ayang'ana makhalidwe athu. Mkatolika wodzandira pa njira, korona iri m'khosi, alalikira ulaliki umene katekisti sangaufafanize ndi maphunziro a caka cathunthu. Madzi akatayika saoleka.

Akulu a miphakati ndi a makomiti a zikondwerero, nchito iyi iri m'manja mwanu. Ngati mulola tebulo la vinyo pa cikondwerero ca parishi, muyambe mwapangana ndi Abambo Mfumu. Likhale kutali ndi khomo la nyumba ya Mulungu ndi kumene asewera ana. Litsekulidwe anthu atadya, ndipo litsekedwe dzuwa lisanalowe. Musankhe munthu mmodzi wokhwima ndi wosamwa tsiku limenelo, kuti akhale mkulu wa phwando monga wa ku Kana uja, wa mphamvu yonena kuti basi.

Amai Maria, amene adaona kusowa kwa banja la ku Kana, ayang'anire maukwati ndi zikondwerero zathu za caka cino, kuti cimwemwe ca masana cisasanduke misozi ya usiku. Monika Woyera apempherere ana athu. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kukonza minda ndi za mbeu yosunga. Mutikumbukire m'mapemphero a madzulo.

Ife anu mwa Kristu,
Katekisti wa ku Malomo